Kudya mwatcheru: mafunso ndi mayankho pa za chakudya, thupi ndi maganizo

Mafunso otsatirawa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri akangomva za kudya mwatcheru. Asanjidwa kuyambira pa osavuta kukafika pa ofuna kufotokoza mozama, ndipo pamene yankho lakhudza nkhani imene yafotokozedwa pena, tangolozera kumene ili.

Kodi kudya mwatcheru n'kutani?

Ndi kudya maganizo ali pa chakudyacho komanso pa zimene thupi likumva pamene chikulowa. Munthu wodya mwatcheru amaona zimene zili m'mbale, amamva fungo lake, amazindikira kukoma kwake pa lilime, ndipo amadziwa nthawi imene njala yayamba kuzirala ndi nthawi imene mimba yanena kuti basi. M'Chingerezi amati mindful eating. Si mndandanda wa zakudya zololedwa ndi zoletsedwa ayi, chifukwa keke imadyeka mwatcheru monga momwe masamba amadyekera.

Nkhaniyi imamveka msanga tikaona kudya kosemphana nako. Munthu watsegula paketi ya mabisiketi uku akuyankha mauthenga pa foni, dzanja likungopita ndi kubwera lokha, ndipo akudzadzidzimuka pamene zala zafika pansi pa paketi n'kupeza nyenyeswa zokhazokha. Mutamufunsa kuti mabisiketiwo amakoma bwanji, adzakumbukira awiri oyambirira. Ena onse anadutsa m'kamwa mwiniwake ali kwina.

Kodi maganizo amenewa anachokera kuti?

Gwero lake ndi chizolowezi chakale cha Abuda chophunzitsa munthu kuika maganizo pa chimene akuchita pa nthawiyo, kaya ndi kupuma, kuyenda kapena kudya. Chizolowezichi chinalowa m'zipatala mu 1979, pamene Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a masabata asanu ndi atatu ochepetsa nkhawa pa sukulu ya zachipatala ya yunivesite ya Massachusetts ku America, ndipo anawakonza moti munthu wa chipembedzo chilichonse angawatsatire. Phunziro lina loyambirira m'maphunzirowo ndi la mphesa youma imodzi yokha: wophunzira amaiyang'ana makwinya ake, amaifinya pang'ono ndi zala, amainunkhiza, amaiika pa lilime osaitafuna kaye, kenako amaitafuna pang'onopang'ono mpaka kuimeza. Ambiri amaseka poyamba, koma amadabwa kuti kachipatso kamene akhala akubwira kodzaza dzanja kali ndi kukoma kumene sanakumvepo.

Cha m'ma 1990, katswiri wa zamaganizo Jean Kristeller anatenga njirayi n'kuikonza kuti ithandize anthu amene amadya chakudya chambiri nthawi imodzi mosadziletsa. Komabe nzeru yosiya kudya mimba isanafike pothina si ya asayansi okha. Anthu a ku Okinawa ku Japan ali ndi mawu akuti hara hachi bu, owakumbutsa kuti asiye kudya mimba ikadzaza magawo asanu ndi atatu mwa khumi.

Kodi ndi njira yochepetsera thupi?

Cholinga chake si chimenecho, ndipo amene akuigulitsa ngati njira yoondetsa akulonjeza zoposa zimene kafukufuku waonetsa. Chimene chaoneka mobwerezabwereza n'chakuti imachepetsa kudya kosadziletsa komanso kudya chifukwa cha nkhawa kapena kukhumudwa. Pa nkhani ya sikelo zotsatira zake n'zosiyanasiyana: ena amatsika pang'ono, ena satsika n'komwe. Ngati mwayamba kudya mwatcheru diso lili pa sikelo m'mawa uliwonse, maganizo anu achoka kale pa chakudya.

Thupi limadziwa bwanji kuti lili ndi njala kapena lakhuta?

Chifu chikakhala chopanda kanthu chimatulutsa homoni, kutanthauza chinthu chonyamula uthenga kudzera m'magazi, yotchedwa ghrelin, imene asayansi a ku Japan motsogozedwa ndi Kenji Kangawa anaitulukira mu 1999. Homoniyi imachuluka m'magazi nthawi ya chakudya ikamayandikira ndipo imatsika munthu akadya. Imatsatiranso chizolowezi, n'chifukwa chake amene anazolowera kudya 12 koloko amamva m'mimba kulira nthawi yomweyo ngakhale m'mawa atadya bwino.

Uthenga wa kukhuta umachokera mbali zingapo. Chifu chikafutukuka, mitsempha imauza ubongo kuti malo akuchepa. Chakudya chikafika m'matumbo aang'ono, matumbowo amatulutsa mahomoni ena, monga CCK ndi GLP-1, amene amachepetsa chilakolako cha chakudya. Mankhwala ochepetsa thupi otchuka masiku ano, monga semaglutide, amagwira ntchito potsanzira GLP-1 yemweyo. Palinso leptin, imene Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira mu 1994 pa yunivesite ya Rockefeller ku New York. Iyoyo imapangidwa ndi mafuta a m'thupi ndipo imauza ubongo za nkhokwe ya mphamvu imene thupi lasunga, osati za chakudya cha lero chokha.

Chofunika kudziwa n'chakuti mauthenga ochokera m'matumbo safika nthawi yomweyo. Kawirikawiri amati pamapita mphindi 20, ndipo ngakhale nambalayi ndi yongoyerekeza, mfundo yake ndi yoona: amene wamaliza mbale m'mphindi zisanu amakhala wamaliza uthenga usanafike, amawonjezera ina, ndipo amadzamva kukhuta konse pamodzi atakhala kale pampando lamba atamasula.

Ndingasiyanitse bwanji njala yeniyeni ndi nkhwiru?

Njala imabwera pang'onopang'ono, imamveka m'mimba, ndipo sisankha. Munthu wanjala amalandira ngakhale chakudya chosakoma kwenikweni. Nkhwiru imabwera mwadzidzidzi, imamveka m'kamwa ndi m'maganizo, ndipo imatchula dzina la chimene ikufuna: chokoleti, nyama yokazinga, kapena kanthu ka mchere kokhukhuluza. Nthawi zambiri imadzutsidwa ndi fungo, chithunzi, kusowa chochita kapena kutopa. Funso losavuta lodzifunsa ndi lakuti, “Akanandipatsa nyemba zophika pano, ndikanadya?” Ngati yankho ndi ayi, mwina si njala.

Ophunzitsa kudya mwatcheru amalangizanso kudziyesa ndi manambala kuyambira pa 1, pamene munthu wafookeratu ndi njala, kufika pa 10, pamene wakhuta mpaka kumva kupweteka. Bwino n'kuyamba kudya cha pa 3 kapena 4 ndi kusiya cha pa 6 kapena 7. Manambalawa alibe sayansi yozama, ntchito yake ndi kungokuimitsani kuti mufunse thupi.

Nkhwiru si tchimo, ndipo kuikhutiritsa nthawi zina palibe cholakwika. Pali ngakhale chifukwa cha m'thupi chimene munthu wokhuta amapezera malo a zotsekemera. Wofufuza wina, Barbara Rolls, anaonetsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kuti kukoma kwa chakudya chimene tikudya kumatsika tikamapitiriza kudya, pomwe chilakolako cha chakudya cha mtundu wina chimakhalabe. N'chifukwa chake paphwando pokhala zakudya zamitundumitundu anthu amadya kwambiri kuposa pamene pali mtundu umodzi.

Kodi kudya uku ndikuonera TV kapena kugwira foni kuli ndi vuto lanji?

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano zimaoneka bwino: filimu simuitsatira mokwanira, chakudyanso simuchimva. Kafukufuku wosiyanasiyana, amene Eric Robinson ndi anzake anamuunika pamodzi mu 2013, anaonetsa kuti munthu wodya maganizo ali kwina amadya zochulukirapo pa nthawiyo, komanso, chimene chili chodabwitsa, amadyanso kwambiri pa chakudya chotsatira.

Chifukwa chake n'chakuti kukhuta kumadaliranso kukumbukira. Mu 1998 Paul Rozin wa pa yunivesite ya Pennsylvania anafotokoza za amuna awiri amene ubongo wawo unavulala moti sankatha kukumbukira zimene zangochitika kumene. Ankawapatsa chakudya chamasana, n'kudya. Patapita mphindi 10 mpaka 30 ankawabweretsera china ngati kuti n'choyamba, n'kudyanso, ndipo chachitatu chikabwera ankayambanso kudya. Mimba zawo zinali zodzaza, koma popeza maganizo sanasunge kuti adya, panalibe chowaletsa. Munthu wodya maso ali pa foni amafananako pang'ono ndi amunawa, chifukwa chakudya chimene sanachione bwino sachikumbukira bwino.

Kudya ndi anthu ena mukucheza ndi nkhani ina. N'zoona kuti anthu amadya zochulukirapo akakhala pagulu la anzawo, koma kucheza kumachedwetsa kudya ndipo kumasangalatsa mtima, choncho palibe chifukwa chothawira patebulo kuti mukadye nokha mwakachetechete.

Kodi ndizitafuna kangati ndisanameze?

Palibe nambala yoikika. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 munthu wina wa ku America, Horace Fletcher, anatchuka pophunzitsa kuti chakudya chizitafunidwa mpaka chisanduke madzi, ndipo anthu ambiri anamutsatira, koma malonjezo ake akuti kutero kumachiritsa matenda osiyanasiyana analibe umboni. Chimene chili choona n'chakuti kugaya chakudya kumayambira m'kamwa. Malovu ali ndi mphamvu yophwanya sitachi kuti isanduke shuga, ndipo mutha kudzionera nokha: tafunani kachidutswa ka buledi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osameza, mudzamva kakuyamba kutsekemera. Kutafuna mokwanira kumachedwetsanso kudya, ndipo ubwino wa zimenezo wafotokozedwa pa funso la njala ndi kukhuta. Kuwerenga manambala m'mutu pa nthongo iliyonse kumangosandutsa chakudya kukhala masamu.

N'chifukwa chiyani ndimapsa mtima msanga ndikakhala ndi njala?

Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zimene thupi limatentha munthu akangokhala, ndipo mphamvu zake zambiri umazitenga ku shuga wa m'magazi. Papita nthawi yaitali munthu asanadye, thupi limatulutsa mahomoni monga adrenaline ndi cortisol kuti chiwindi chimasule shuga amene chinasunga. Awa ndi mahomoni omwewo amene amatuluka munthu akachita mantha kapena akakwiya, choncho si zachilendo kuti manja azinjenjemera pang'ono, mutu uziwawa, ndipo funso laling'ono la mnzanu lizimveka ngati chipongwe.

Zimene njala yaitali imachita pa maganizo zinaoneka bwino pa kafukufuku wa Ancel Keys ku yunivesite ya Minnesota mu 1944 ndi 1945. Anyamata 36 athanzi anadzipereka kudya pafupifupi theka la chakudya chimene ankafunikira kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuti madokotala adziwe momwe angathandizire anthu ovutika ndi njala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikatha. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, koma kusintha kwa khalidwe ndi kumene kunadabwitsa kwambiri. Anakhala okwiyakwiya, osafuna kucheza, ndipo maganizo awo onse anathera pa chakudya. Ena anayamba kusonkhanitsa mabuku ophunzitsa kuphika, ena ankanyambita mbale, ena ankathira madzi m'chakudya kuti chioneke chambiri n'kumachidya kwa maola. Ataloledwa kudyanso mwaufulu, angapo ankadya mopitirira muyeso osamva kukhuta. Aliyense amene anayesapo kudzimana chakudya kwambiri kuti aonde, kenako n'kudzapezeka usiku ali pa firiji akudya chilichonse, adziwe kuti vuto silinali kufooka kwa mtima wake. Thupi lomanidwa limachita zimenezo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndimawodzera ndikadya masana?

Mbali ina si chakudya. Thupi lili ndi wotchi yake, ndipo kumayambiriro kwa masana tcheru chimatsika ngakhale kwa munthu amene sanadye. Chakudya chambiri, makamaka chamafuta kapena chodzaza ndi sitachi woyeretsedwa, chimangowonjezera kulemera kwa zikope, ndipo kusagona mokwanira usiku kumakulitsa zonsezi. Zimene anthu amakonda kunena zoti magazi onse amathawa ku ubongo kupita m'mimba si zoona, chifukwa thupi limasamala kwambiri kuti ubongo uzilandira magazi okwanira. Kuchepetsa chakudya chamasana pang'ono ndi kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukatha kudya kumathandiza, ndipo kuyendako kumachititsanso kuti shuga wa m'magazi asakwere kwambiri.

Kodi shuga amasangalatsadi mtima? Nanga n'zoona kuti amapangitsa ana kukhala osakhazikika?

Kutsekemera kumasangalatsa pa nthawi imene kuli pa lilime, ndipo ubongo umakumbukira chisangalalocho n'kumachifunanso. Koma chisangalalo chimenechi sichikhalitsa, ndipo palibe umboni wakuti shuga amasiya munthu ali wansangala kapena wamphamvu kwa maola otsatira. Ambiri amamva kutopa m'malo mwake. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, kuphatikizapo uchi ndi madzi a zipatso, asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amadya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena timasupuni ta tiyi 12, ndipo kutsikira pa theka lake n'kwabwino koposa. Chitini chimodzi cha mamililita 330 cha zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi chimakhala ndi shuga wapafupifupi magalamu 35.

Za ana, umboni sukugwirizana ndi zimene makolo ambiri amakhulupirira. Mu 1995 Mark Wolraich ndi anzake anaunika kafukufuku wambiri amene ana ena ankapatsidwa shuga ndipo ena zotsekemera zopanda shuga, popanda ana kapena makolo kudziwa kuti wapatsidwa chiyani ndani, ndipo sanapeze kusiyana pa khalidwe lawo. Pa kafukufuku wina wa mu 1994, amayi amene anauzidwa kuti ana awo amwa shuga wambiri, pomwe sanamwe, ankaona anawo ngati osakhazikika ndipo ankawadzudzula pafupipafupi. Zikuoneka kuti phokoso la paphwando la ana limachokera ku phwandolo. Zifukwa zochepetsera ana shuga zilipo ndithu, ndipo choyamba ndi mano.

Kodi n'zoona kuti m'mimba ndi ubongo zimalankhulana?

N'zoona, ndipo zinaonedwa ndi maso kalekale. Mu 1822 mnyamata wina, Alexis St. Martin, anawomberedwa mwangozi pamimba, ndipo bala lake linapola n'kusiya bowo lofika m'chifu. Dokotala amene anamuthandiza, William Beaumont, anakhala zaka zingapo akuyang'ana kudzera pa bowolo momwe chakudya chimagayikira, nthawi zina akulowetsa tizidutswa ta chakudya tomanga pa ulusi n'kumatitulutsa kuti aone pamene tafika. Mwa zina zimene analemba mu 1833 n'zakuti mnyamatayo akakwiya kapena akavutika mumtima, chifu chake chinkasintha ndipo kugaya chakudya kunkachedwa.

Masiku ano tikudziwa njira zimene mauthengawa amadutsa. Yaikulu ndi mtsempha wotchedwa vagus, wochokera ku ubongo kukafika m'chifu ndi m'matumbo, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya timinyewa take timanyamula mauthenga kuchokera m'thupi kupita ku ubongo, osati kuchokera ku ubongo kupita m'thupi. M'matumbo mulinso mabakiteriya osawerengeka amene amadya ulusi wa m'zomera, umene a zaumoyo amautcha faiba, n'kutulutsa zinthu zimene zimakhudza matumbo ndi chitetezo cha m'thupi.

Apa pafunika kusamala ndi otsatsa malonda. Mudzamva kuti pafupifupi 90 peresenti ya serotonin, imene imakhudzana ndi momwe munthu akumvera mumtima, imapangidwa m'matumbo. Zimenezo n'zoona, koma serotonin wa m'matumbo salowa mu ubongo. Ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa matumbowo, ndipo ubongo umapanga wakewake. Zambiri zodabwitsa zokhudza mabakiteriya ndi khalidwe zapezeka pa mbewa za m'malo ofufuzira, choncho botolo lililonse lolonjeza chimwemwe kudzera m'matumbo muzilikayikira.

Kodi kusintha kadyedwe kungachiritse matenda ovutika maganizo?

Kungathandize, koma sikulowa m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala. Kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi ndi wotchedwa SMILES, amene Felice Jacka wa pa yunivesite ya Deakin ku Australia anatsogolera ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Anthu 67 odwala matendawa anagawidwa pawiri. Gulu lina linkakumana ndi katswiri wa kadyedwe amene ankawathandiza kudya kwambiri masamba, zipatso, mbewu zosakonola, nyemba, nsomba, mtedza ndi mafuta a maolivi, pomwe gulu linalo linkangokumana ndi munthu wocheza naye. Patatha masabata 12, pafupifupi 32 peresenti ya a gulu loyamba anali atapeza bwino kwambiri, poyerekeza ndi 8 peresenti ya a gulu lachiwiri. Anthuwa anali ochepa, ankadziwa gulu limene alimo, ndipo ambiri ankapitiriza kumwa mankhwala kapena kulandira uphungu, choncho zotsatirazi ndi zolimbikitsa chabe, osati chilolezo chosiya mankhwala.

Pali nthawi zina pamene chakudya chimakhaladi gwero la vutolo. Kuchepa kwa ayironi kumachepetsa magazi, ndipo munthu amakhala wotopa, wosachedwa kukwiya ndi wolephera kuika maganizo pa ntchito. Kuchepa kwa vitamini B12, amene amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, kungabweretse kuiwalaiwala, dzanzi ndi kukhumudwa, makamaka kwa okalamba ndi kwa amene sadya chilichonse chochokera ku nyama. Zimenezi zimadziwika poyeza magazi, osati pongoganizira. Kwa munthu wongofuna poyambira, malangizo a WHO ndi akuti wamkulu azidya zipatso ndi masamba osachepera magalamu 400 patsiku, faiba wosachepera magalamu 25, ndi mchere wosafika magalamu 5.

N'chifukwa chiyani ndikakhala ndi nkhawa ndimadya kwambiri, pomwe ena chakudya sichiwalowa n'komwe?

Zonse ziwiri n'zachibadwa. Mantha adzidzidzi amatseka chilakolako cha chakudya, chifukwa thupi limaimitsa kaye kugaya kuti likonzekere kuthawa kapena kulimbana. Nkhawa yokhalitsa, ya ngongole, ya ntchito kapena ya m'banja, imasunga cortisol ali wokwera, ndipo kwa anthu ambiri zimenezi zimakulitsa chilakolako cha zotsekemera ndi zamafuta. Tulo nato timalowererapo: ofufuza a pa yunivesite ya Chicago anapeza mu 2004 kuti anyamata amene anagona maola anayi okha usiku uliwonse kwa masiku awiri anali ndi ghrelin wambiri, leptin wochepa, ndi njala yaikulu ya zotsekemera ndi zasitachi.

Kudya kuti mtima ukhale pansi si chinthu chochititsa manyazi, popeza tonse tinayamba kutonthozedwa ndi chakudya tili makanda. Vuto limabwera pamene chakudya chasanduka njira yokhayo imene munthu ali nayo, ndipo pambuyo pake amadziimba mlandu, kudziimba mlanduko n'kubweretsa nkhawa ina imene imafunanso chakudya. Kudya mwatcheru kumadula mzerewu pa malo amodzi: musanatambasule dzanja, tchulani chimene mukumva, kaya ndi kutopa, kusungulumwa kapena mkwiyo, dikirani mphindi zingapo, ndipo ngati mukufunabe kudya, ikani chakudyacho m'mbale, khalani pansi, mudye mukuchimva.

Bwanji zakudya zina zimavuta kusiya ukangoziyamba?

Zakudya zambiri za m'mafakitale zimakhala zofewa, zosafuna kutafuna kwambiri, zopanda faiba, ndipo mafuta, shuga ndi mchere zimasakanizidwa mwaluso kuti pakamwa pasatope. Carlos Monteiro wa ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil ndiye anatchukitsa, kuyambira mu 2009, kagawidwe ka zakudya m'magulu motengera momwe zakonzedwera m'mafakitale. Mu 2019 Kevin Hall ndi anzake ku America anasunga anthu 20 m'chipatala chofufuzira kwa mwezi umodzi, n'kumawapatsa zakudya zoterezi kwa masabata awiri ndi zakudya zosakonzedwa kwambiri kwa masabata ena awiri, aliyense akudya mmene akufunira. Pa masabata a zakudya za m'mafakitale anthuwo ankadya makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ankadya mofulumira, ndipo ananenepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Apa tcheru chokha sichikwanira, ndipo n'kwanzeru kuthandiza maganizo anu potapa pang'ono m'mbale m'malo modyera m'paketi.

Nanga khofi, tiyi ndi mowa?

Kafeini wa mu khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu amatsekereza adenosine, chinthu chimene chimaunjikana mu ubongo tsiku likamapita n'kumabweretsa tulo. Kutopa sikuchoka, kumangobisika. Pamatenga maola pafupifupi asanu kuti theka la kafeini lichoke m'magazi, ngakhale anthu amasiyana kwambiri, choncho kapu ya 4 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito nthawi yogona. Bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya linanena mu 2015 kuti mamiligalamu 400 a kafeini patsiku savulaza munthu wamkulu wathanzi, ndipo kwa amayi oyembekezera malire ndi 200. Amene amavutika ndi nkhawa kapena kugunda kwa mtima angachite bwino kuona ngati zizindikirozo zimakula akamwa khofi.

Mowa umamasula munthu poyamba ndipo umagonetsa msanga, koma umasokoneza tulo ta m'bandakucha, umachepetsa kudziletsa pa chakudya, ndipo mawa lake nkhawa imabwerera itakula.

Ndilibe nthawi yodya pang'onopang'ono. Ndiyambire pati?

Musayese kusintha zakudya zonse za tsiku nthawi imodzi. Sankhani chimodzi, ndipo pa chimenecho khalani pansi, foni ikhale patali, ndipo nthongo zitatu zoyambirira muzidye mukumva fungo, kutentha ndi kukoma kwake. Mukafika pakati pa mbale imani pang'ono, ikani supuni pansi, mudzifunse ngati njala ikadalipo komanso ngati chakudyacho chikukomabe ngati poyamba. Zimenezi sizitenga mphindi zoposa ziwiri. Maganizo adzathawira ku ntchito ndi ku mavuto ena, chifukwa ndi mmene maganizo alili, ndipo mukazindikira kuti athawa muzingowabweza popanda kudzikalipira. Patapita ola limodzi kapena awiri, onaninso momwe mukumvera, ngati muli opepuka, olemedwa, atulo kapena a chilungulira, chifukwa m'masabata ochepa mudzayamba kuzindikira zakudya zimene zimakuyanjani.

Kodi ana tiziwakakamiza kumaliza chakudya cha m'mbale?

Ana aang'ono amadziwa bwino kukhuta kwawo, ndipo kuwakakamiza kumawaphunzitsa kumvera mbale m'malo momvera mimba. Katswiri wa kadyedwe Ellyn Satter anapereka kagawidwe ka udindo kosavuta kukumbukira: kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo odyera, mwana asankhe ngati adye ndi kuchuluka kwake. Muikireni pang'ono, awonjezere akafuna. Chakudya chatsopano mwana angachikane maulendo khumi kapena kuposerapo asanachizolowere, choncho pitirizani kuchiika patebulo popanda ndewu. Kulonjeza switi kuti amalize masamba kumangomuuza kuti masamba ndi chilango ndipo switi ndi mphoto. Ngati mwana sakukula bwino kapena akuonda, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Kodi pali anthu amene sayenera kungodalira njala yawo?

Alipo. Odwala matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga ayenera kudya pa nthawi imene adokotala anawauza, ngakhale asakumva njala, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu atha kukomoka. Okalamba, odwala khansa ndi ena amene matenda kapena mankhwala anawachotsera chilakolako cha chakudya nawonso amafunika kudya motsatira wotchi. Chimodzimodzi amayi oyembekezera amene nseru ikuwalepheretsa kudya.

Kwa amene ali ndi matenda okhudza kadyedwe, monga anorexia (kudzimana chakudya mopitirira muyeso) ndi bulimia (kudya kwambiri kenako n'kudzisanzitsa), mauthenga a njala ndi kukhuta amakhala atasokonekera, ndipo kuyang'anitsitsa nthongo iliyonse kungawonjezere mantha m'malo mowachepetsa. Ngati mumadzimana chakudya kwambiri, mumadzisanzitsa mukadya, mumadya mobisa mpaka kumva kupweteka, kapena maganizo a chakudya ndi kulemera kwa thupi akukulandani tsiku lonse, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo musanayese njira zimene zafotokozedwa pamwambapa. Pitaninso kuchipatala msanga ngati mukuonda popanda chifukwa, mukuvutika kumeza, mukukhuta mukangodya pang'ono kwa masabata angapo, kapena mwaona magazi m'chimbudzi.